Amayi Anatilawira Katemera

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, abale ndi alongo anga mwa Ambuye, landirani moni wanga. Inunso amene mwakhala panja pamthunzi chifukwa cha kutenthaku, ndikhulupirira mawu anga akukufikani. Mtendere wa Mulungu ukhale ndi inu nonse.

Ndikufuna kuchitira umboni. Umboni wake ndi wa amayi anga, awo akhala kumbali ya azimayi atavala duku loyera. Andiuza kuti ndisatalikitse, ndiye ndiyesetsa.

Ine ndine Domingo, wa ku Canongola. Ambiri mumandidziwa kuti ndine uja amalemba nkhani. Ntchito imeneyo inandizoloweza chinthu chimodzi: munthu akandiuza nkhani ndimamufunsa kuti waona ndani, waona kuti, waona liti. Choncho lero ndinena zimene ndinaona ndi maso anga. Zimene sindikuzidziwa, ndinena kuti sindikuzidziwa.

Amayi anga amagulitsa kapenta ndi thobwa pamsika. Kwawo ndi ku Angonia, koma ife ana awo tinakulira ku Malawi, kumsasa wa othawa nkhondo, ndipo mtendere utabwera tinadzakhazikika muno mu Tete. Amayiwa ali ndi matenda a shuga, komanso magazi awo amathamanga. Zimenezi muzisunge, tizipeza kutsogolo.

Nonse mukukumbukira nthawi ya korona. Kachisi uyu anali wotseka, tinkapemphera aliyense kunyumba kwake. Pamsika paja, mayi amene ankagulitsa tomato moyandikana ndi amayi anga anayamba kutsokomola kumayambiriro kwa sabata, ndipo sabata isanathe tinamva kuti atisiya. Nawonso anali ndi shuga. Thupi lawo silinalowe m'nyumba mwawo, azimayi anzawo sanalisambitse, nyimbo sizinaimbidwe. Amayi anga anaima patali, m'mbali mwa msewu, n'kumaona galimoto ikudutsa. Kuchokera tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ndikawaona akusenza beseni la kapenta kupita kumsika, masikara yotchinga pakamwa ija ili pachibwano m'malo mokhala pamphuno, mtima wanga unkanena kuti wotsatira ndi amenewa.

Kenako katemera anafika, amene muno timati vasina. Anayamba kubaya a zachipatala, kenako anaitana okalamba ndi odwala matenda ngati shuga. Dzina la amayi anga linali m'gulu limenelo. Koma katemera asanafike pamkono wa munthu, mawu anali atafika kale m'matelefoni. Wina akuti obaya onse adzafa chaka chisanathe. Wina akuti akazi sadzaberekanso. Wina akuti ndi chizindikiro cha chilombo. Ena mwa mawu amenewo ananditumizira ndi anthu amene akhala muno lero. Sinditchula maina, abale, ndipo sindikukudzudzulani, chifukwa inenso ndinali ndi mafunso anga. Ndinkadzifunsa kuti mankhwala amenewa apangidwa bwanji mwamsanga chonchi. Ndinkadzifunsa kuti ife amene zabwino zimatifika pomaliza, bwanji izi zatipeza. Kukayika ndinali nako. Koma kumbali inayo kunali maliro amene ndinawaona ndi maso.

Nditawauza amayi kuti tipite akabaye, anakana. Anati ku Degue kuli bambo wina, a Sebola, okonza njinga, anabaya Lachisanu ndipo Lamlungu anamwalira. Ndinawafunsa kuti waona ndani. Anati msika wonse ukudziwa. Ndinati msika ulibe maso, ndikufuna munthu. Anatchula mayi wina wogulitsa makala. Ndinapita kwa mayiyo, iye anati anamva kwa mlamu wake. Mlamuyo anati anamva mu shapa, minibasi ija, pobwera kuchokera kutsidya la mlatho. Ndinaona kuti ndizingozungulira, ndiye ndinakwera shapa ineyo kupita ku Degue kukafunsa pamene panali maliro.

Abale, ndinawapeza a Sebola pansi pa mtengo wa mlambe, atagwada, akumata tayala la njinga. Nditawauza chimene ndabwerera, anaseka mpaka kutsokomola. Anati n'zoona, anabaya, ndipo thupi linatentha, anagona masiku angapo osatuluka. Akazi awo, poona kuti bambo sakudya, analira mokweza, ndipo oyandikana nawo anamva kulirako n'kumaliza okha nkhani yotsalayo. Ponditsanzika anati, "Mukawauze a ku Canongola kuti ngati asonkha chipepeso abwere nacho msanga, ndidye ndili moyo."

Ndinawajambula ndi telefoni n'kubwerera kunyumba ndikuyenda monyada. Ndinkaganiza kuti nkhani yatha. Amayi anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, n'kunena kuti chabwino, ali moyo, Mulungu alemekezeke, koma a Sebola si mwana wawo.

Apa mundimvetsetse, chifukwa pagona nkhani ndi pamenepa. Kwathu, munthu ukamapatsa mnzako chakumwa kapena mankhwala, umayamba wamwako iwe mwini, iye akuona. Akuluakulu amati kuchotsa ufiti. Abusa musadzidzimuke, ndi dzina chabe la mwambo. Amayi anga mwambo umenewu sanausiyepo. Mlendo akabwera kunyumba, thobwa amayamba alawa iwo, kenako n'kupereka chikho. Tsiku limenelo anatunga thobwa, analawa, anandipatsa, n'kunena kuti:

"Domingo, nkhani ya vasina yalowa m'nyumba muno ndi iwe. Wabweretsa ndiwe. Yamba walawa, ine ndikuona."

Ndinavomera pomwepo. Mawa lake ndinalawirira kuchipatala chaching'ono cha m'dera lathu, ndinaima pa bicha, pamzere wa anthu paja, dzuwa la Tete likuwotcha pamutu monga mukulidziwira. Nditafika kutsogolo, anamwino anandiyang'ana n'kufunsa zaka zanga, n'kufunsa ngati ndili ndi matenda ena alionse. Ndinati ndilibe. Anati ndiye nthawi yanga sinakwane, katemera alipo wochepa, ayambe ndi okalamba ndi odwala. Ndinawafotokozera za amayi, ndinawafotokozera za mwambo. Anandimvetsera bwinobwino, chifukwa nawonso kwawo amachita chimodzimodzi, koma anati akabaya ine ndiye kuti gogo wina amene ali pa bicha pomwepo abwerera osabaya.

Poti ndinali nditafika kale, ndinawafunsa mafunso anga onse aja. Anandionetsa pamkono pawo pamene anabayidwa. Anandiuza kuti mkono umapweteka, thupi limatha kutentha. Anandiuza kuti wobaya akhoza kudwalabe korona, koma kawirikawiri matendawo samugwetsa ngati mmene amagwetsera wosabaya. Nditafunsa kuti mphamvu yake imatha liti m'thupi, anati, "Zimenezo sitinazidziwe bwino, bambo. Sindikunamizani." Abale, mawu amenewo ndi amene anandikhazika mtima pansi. M'matelefoni muja aliyense ankadziwa zonse. Munthu woyamba kundiuza kuti pali chimene sakuchidziwa anali amene wagwira jekeseniyo.

Koma onani pamene ndinaima. Lamulo likuti ayambe wamkulu. Mwambo ukuti ayambe wobweretsa. Ine ndili pakati, ndipo amayi akupitabe kumsika.

Mlongo wanga Mariya, uyo akubisa nkhopeyo, anandipatsa nzeru. Anati ndigule thonje, ndimate pamkono, ndikawauze amayi kuti ndabaya, ndigone tsiku limodzi ngati wodwala, nkhani ithe. Kunena zoona nzeruyo inandikomera. Thonje ndinagula. Ndinalowa nalo kuchipinda, ndinagwada kuti ndipemphere kaye, koma pemphero linakana kutuluka. Ndinaganiza kuti ngati amayi angabaye chifukwa cha bodza langa, kenako china chake n'kuwachitikira, ndidzawayang'ana bwanji? Ndipo munthu amene ndakhala ndikuuza anthu kuti asafalitse zimene sanaone, ndiyambe ine kupanga umboni wa thonje? Ndinati Ambuye, bodza ayi, koma kusiya sindisiya. Nditsegulireni khomo lina.

Ndiye ndinawauza amayi zonse monga zinalili, kuti andibweza ndipo chifukwa chake ndi chakuti. Iwo anati basi, tidikire. Ine ndinati matendawa sakudikira. M'mawa uliwonse ndinkapita kukawathandiza kusenza beseni, ndipo m'mawa uliwonse ndinkafunsanso. Ankati ndine nkhutukumve ngati malemu bambo anga. Ndinkati inde, ndipo mawa ndibweranso. Ndinabweranso. Ndinabweranso, abale, mpaka anayamba kundiyankha ndisanatsegule pakamwa.

Khomo linatseguka Loweruka lina masana. Tinali pakhonde, amayi akupeta kapenta, ine ndi Mariya tikukangana. Mariya anati iyenso nthawi yake ikadzakwana sadzabaya. Ine ndinati zako zimenezo, koma ine tsiku limene adzaitane a msinkhu wanga ndidzakhala woyamba pa bicha, kuti amayi aone. Amayi anasiya kupeta. Anandifunsa kuti kodi ineyo ndikutsimikiza kuti mankhwalawa sapha. Ndinati ndafufuza, ndaona anthu obaya akuyenda, mtima wanga ukuti ndi abwino, koma kulumbira sindingalumbire chifukwa sindine Mulungu. Ndiye anafunsa kuti:

"Nanga iweyo akulawire ndani?"

Ndinati palibe, amayi. Ndilawa ndekha.

Anaika lichero pamiyendo. Kenako anayamba kunena za kumsasa kuja ku Malawi, zimene ine ndinkazikumbukira mwa apo ndi apo. Kunabwera ufa wachikasu wa chithandizo, ndipo mphekesera inamveka kuti muli mankhwala, wodya adzatupa, akazi adzauma. Anthu ena ankautaya, ana akulira ndi njala. Amayi anaphika phala la ufawo m'mawa, anadya okha mbale yathunthu, n'kutikhazika ife pamphasa kuti tidikire. Tinalira, iwo osatipatsa, mpaka dzuwa linafika pamutu. Ataona kuti palibe chawachitikira, m'pamene anatigawira. Ndipo za kuumazo, Mariyayu anabadwa pambuyo pa ufa wachikasu, mukhoza kumuona nokha kuti ndi munthu wathunthu.

Atamaliza anati, "Chibadwire chanu, mwana wanga sanayambe walawapo chinthu chimene ine ndikuchiopa. Ndakalamba ine, mpaka kutuma mwana kuti akandilawire?"

Lolemba m'mawa ndinawapeza atasamba kale, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Musaganize kuti mantha anali atatha. Sanathe. M'njira monse ankandiuza mawu ngati munthu wa pa ulendo wosabwerera: beseni lalikulu ndidzapatse Mariya, akadzafa tidzawaike ku Angonia pafupi ndi amayi awo. Ndipo anandilamula kuti iwo akafa, pasapezeke mwana kapena mdzukulu wobaya, koma akakhala moyo tibaye tonse popanda wotsala. Pa bicha anagwira dzanja langa. Anamwino aja anandizindikira, anangowakokera amayi mpando. Amayi anapinda okha dzanja la bulauzi, anatseka maso, n'kuyamba kuimba chapansipansi nyimbo ija timaimba polowa muno. Vesi loyamba lisanathe anamwino anati zatha. Amayi anatsegula maso n'kufunsa kuti, kodi n'zomwezi?

Mkono unapweteka. Thupi linatentha tsiku lotsatira, anagona, ndipo Mariya ndinamuletsa kulira mokweza, poopa kuti tingapange a Sebola achiwiri. Kenako anadzuka n'kubwerera kumsika. Nthawi itakwana anakabaya kachiwiri, ulendo uno okha, osandiuza n'komwe. Pamene anaitana a msinkhu wanga, ndinapita kukawapempha chilolezo. Anadzigwira pamkono, anadzigwira pachifuwa, n'kunena kuti pita, ndalawa. Mariya anapita pambuyo panga.

Tsopano mverani mbali yotsala, chifukwa umboni wobisa mbali ina si umboni. Patapita miyezi, matenda aja atabweranso mwamphamvu mumzinda muno, amayi anadwala. Chifuwa, kutentha thupi, chakudya osachimva kukoma. Tinakawayezetsa ndipo anatiuza kuti ndi korona. Ndinachita mantha kuposa kale lonse, ndipo ena anayamba kale kunena kuti mwaona, vasina yanu ija ili kuti. Tinawasamalira kunyumba monga anatilangizira a chipatala, shuga tikumuyang'anira, inu mukupemphera. Anafooka, anaonda, koma mpweya sunawathere. Sanagonekedwe m'chipatala. Tsiku lina m'mawa ndinawamva akukalipira Mariya kuti thobwa wathira shuga wambiri ndipo makasitomala athawa, ndipo ndinadziwa kuti amayi anga abwerera.

Ine sindine dokotala. Sindingaime pano n'kunena motsimikiza chimene chikanachitika akanapanda kubaya. Chimene ndikudziwa ndi ichi: mnzawo wa tomato uja, wa matenda omwewo, katemera sanamupeze, ndipo tinamuonera patali akupita. Amayi anga katemera anawapeza, ndipo awo akhala apowo. Amene anapatsa anthu nzeru zopanga mankhwala ndi Mulungu. Amene anandigwira dzanja kuti ndisamate thonje ndi Mulungu. Amene anawakumbutsa amayi za phala lachikasu ndi Mulungu yemweyo.

Ndipo ndatsimikiza mtima, abale, kuti mawu alionse amene adzalowe m'telefoni yanga onena za moyo wa munthu, sadzatuluka kupita kwa wina ndisanafunse kuti waona ndani. Kukayika si tchimo. Koma ukakayika, nyamuka, kwera shapa, ukafike ku Degue.

Zikomo abusa, zikomo azimayi amene munkasiya nkhuni ndi ndiwo pakhomo pathu nthawi imene simukanatha kulowa. Amayi, imani pang'ono anthu akuoneni. Musachite manyazi, imani.

Awo, abale. Kondwerani nane, imbani nane, muwombereni m'manja Mulungu wathu. Ndipo tikatuluka musathamangire kunyumba, chifukwa amayi abweretsa chidebe cha thobwa, chili pamthunzi panjapo. Musaope kumwa. Ayamba alawa okha.

Ambuye alemekezeke. Amen.