Mlamu Wouzira Khofi

Pamalo odikirira basi moyang'anana ndi chipatala mumzinda wa Caen ku France, mayi wina ananyema buledi n'kupatsako bambo wowonda amene anakhala naye pabenchi.

"Idyani, bambo, basiyi ichedwa."

"Zikomo mayi, koma sangadutse. Ndili ndi khansa ya kummero. Supu yekha ndi amene amatsika, nayenso mochita kumunyengerera."

"Pepani. Ndi fodya?"

"Fodya pang'ono. Koma adokotala akuloza khofi wathu wakumudzi uja, wothira kachasu wa maapozi. Zaka makumi anayi ndinkamugugudiza ali wowira, ndili chiimire m'khola la ng'ombe. Mlamu wanga Firmin ankayamba wauzira, osathiramo kanthu. Ndine ndinamupatsa dzina loti Kamwana, mudzi wonse n'kulitola."

"Ndiye pano akukusekani?"

"Bola akanandiseka. Mkazi wanga anamwalira, manjawa akunjenjemera ndi mankhwala, supuni sindingaifikitse pakamwa. Masana alionse amabwera ndi kambale, n'kukhala pafupi nane."

"Ndiye amakudyetsani iyeyo?"

"Amayamba wauzira, mayi. Katatu, mosafulumira. Ine mwamuna weniweni uja ndili kukamwa yasa, kudikira Kamwana."