Ndodo za gofu ndi dzina la mdzukulu

Pamzere woyezetsa katundu ku bwalo la ndege, mayi wina anagwada pansi n'kumatulutsa tizovala ta khanda m'sutikesi, thukuta lili kamukamu. Mtsikana amene anaima pambuyo pake analephera kupirira.

"Amayi, tizovala tokongolati mukutisiya?"

"Nditani mwanawe? Katundu walemera. Ndodo za gofu za bambo akunyumba zadya makilo anga onse."

"Kodi mukupita kukasewera?"

"Kusewera chiyani! Tikukaona mdzukulu wathu woyamba. Koma iwowa mwezi wathunthu akhala akungofufuza mabwalo abwino a gofu kunjako. Asankha asanu, ndipo mayina ake awaloweza onse, ngakhale kutulo amawatchula."

"Nanga mdzukuluyo dzina lake ndani?"

"Afunseni eni akewo, ali apo akusisita chikwama chawo. Dzulo lokha ndawauza katatu."