Tuntchentche twa Ednah tuli m'chikuta

Imwe kkkkk mverani izi. Ednah, uja aphunzira sayansi ku Chalimbana, anasunga tuntchentche twa pa nthochi zoola mu botolo ya mayonezi masabata awiri, chifukwa ba lekichara banakamba ati wobwera ku labu alibe ntchentche tsiku limenelo, mamakisi ni ziro. Manje m'mawa basi ya ku Kanakantapa yayamba kale kuliza huta ku msewu, iye alowa mu kicheni, apeza ba anti bake ba Tisauke babereka chopopera cha matimati kumsana, baloza pa botolo!!

"Ba anti!! Osapopera!"

"Choka iwe. Nyumba yanga si dzala."

"Ni twa ku sukulu utu."

"Ntchentche ziphunzira?"

"Awe, ndise tiphunzirirapo."

Ba Tisauke banapompa kawiri, fwii fwii. "Ine nigulitsa mbuzi kuti uzikaona ntchentche? Kukhola zilipo zaulele, zikuluzikulu."

Ednah anakumbatira botolo. Anaona kuti apa kulimbana sikuzathandiza, bola kufotokoza.

"Mvelani ba anti. M'mimba mwa kantchentche kakakazi muli tumaselo, tuja tumapanga mazira. Kamodzi kamagawika, tukhala tuwiri. Kamake katsala pamalo pake, kamwana kayenda kukakhala dzira."

"Eeh. Ndiye kayende. Nikaletsa ine?"

"Sikayenda pamene apo! Tumakhala togwirana na kachingwe koonda, maola na maola, ndiye kazaduka. Ndiye vamene tifuna kumvetsa."

Ba Tisauke banaima kupompa.

"Kachingwe."

"Ee."

"Pakati pa make na mwana."

"Ee, monga..."

"Mchombo."

"Awe ba anti, ni fanizo chabe..."

"Wakamba make. Wakamba mwana. Wakamba chingwe. Ine nabereka asanu na awiri, uzaniuza chani iwe? Adula ndani?"

"Kamaduka kokha. Kuli tumapuloteni tumazungulira, tufinya, tufinya, mpaka phwi."

"Opanda lezala?"

"Opanda."

"Mayo ine. Ziiii, osalira na kulira." Banatula chopopera pansi, banasuzumira mu botolo, nkhope yachifundo zoona kkkk. "Manje kaduka?"

"Sinidziwa, sivioneka na maso. Mpaka pa maikulosikopu."

"Ndiye sudziwa."

"Sinidziwa. Nipaseni mpata ba anti, basi izanisiya."

Huta kunja: pii piii! Ednah ati atuluke, ba anti bali pa chitseko, manja uku na uku.

"Uyenda nato kuti?"

"Ku sukulu kaili!"

"Iwe mwana uli bwino m'mutu? Mwana atuluka panja mchombo usanagwe? Unaviona kuti? Iwe wamene tinakusunga m'chikuta masiku asanu na atatu, na bambo bako benze kukuonera pa windo."

"Ba anti izi ni NTCHENTCHE."

"Nakana ine? Wabereka ni wabereka. Mu basi muja muli anthu osiyanasiyana, sudziwa bagona bwanji, wina akhosomola, wina wanyamula nkhuku."

"Mphindi zisanu zapita apa munali kufuna kutupha!"

"Sininadziwe kuti tuli na khanda."

Ednah anayang'ana foni, anayang'ana denga, anapuma.

"Chabwino. Ba anti, ku labu bazatusamala bwino. Bazatugoneka, ndiye titsegula pamimba na tunsingano kuti tione..."

"MUTSEGULA?!"

Eish. Ednah anadziluma lilime.

Ba Tisauke banalanda botolo, banavula chitenge chapamwamba, banaifunditsa bwinobwino, banaika kukona kulibe mphepo. Banatenga na nthochi yabwino, ija yogulitsa, kumenya, kuponyamo.

"Tudye. Wobereka afunika mphamvu."

"Ba anti nizafeluka!"

"Uzatenga mchombo ukagwa."

"Sivimatha!" Ednah manje misozi pafupi, koma na kuseka kumubwera. "Kakaduka aka, kamake kayambanso kugawika. Kena kachingwe. Tsiku na tsiku. Ndipo si kamodzi, mu kantchentche kamodzi muli tumbiri!"

Ba anti banakhala pa mpando pang'onopang'ono.

"Tsiku na tsiku?"

"Ee!"

"Osapumula? Ba kiliniki sibanatuuze za kulera?"

"BA ANTI."

Pii piiiii! Kondakitala anakuwa kunja ati sisi tiyenda ise. Ednah anagwada pansi, kuomba m'manja monga apempha nkhani yaikulu.

"Napapata. Ba lekichara bafuna kutuona lero. Lero lamene. Niwauze chani?"

Ba Tisauke banakonza chitenge pa botolo, banathamangitsa ntchentche ina yaikulu yamene inali kuzungulira, ati choka iwe suli wapabanja. Ndiye banayang'ana Ednah.

"Ofuna kuona khanda abwera yekha. Uwauze ba lekichara bako bakwere basi babwere kuno, basambe m'manja pakhomo. Ndipo osabwera chimanjamanja, sopo ni uja wa buluu."