Intaneti M'munda wa Nandolo

Pa siteji ya ku Ndunde, mayi wina wogulitsa nandolo anapsa mtima atamva bambo wa jekete akutamanda chingwe cha intaneti chimene boma lakwirira m'mbali mwa msewu.

"Bambo, chingwe chanucho chinadutsa m'munda mwanga. Nandolo anandizulira!"

"Pepani mayi, koma chingwe chimathamanga kuposa nsanja ya netiweki ya foni. Akatswiri anasankha bwino."

"Chikuthamangira kuti? Chinangotidutsa, chinapita kumaofesi. Ife tinapempha nsanja ya netiweki!"

"Chitukuko sichifika tsiku limodzi."

"Mwana wanga woyembekezera matenda atamuyamba, ine ndinali pachulu, foni m'mwamba, kusaka netiweki yoitanira ambulansi. Anachirira panjira."

"Komabe mayi, intaneti yafika kwanu."

"Yafikadi, ili pansi m'munda mwanga. Ndiye ndiziikumba ndi khasu ngati chinangwa?"