Bokosi la Dokotala Lusizi Thole Silitsegulidwa

Malemu Dokotala Lusizi Thole anabadwa pa 14 Malichi 1971 kuno ku Kande, achiwiri m'banja la ana anayi. Woyamba ndine, Obed, amene ena mwa inu mukundiyang'ana ngati mlendo. Simukulakwa. Ndinapita ku Joni mu 1998, ndafika dzulo.

Sukulu anayambira pompano, nsapato alibe, m'mawa uliwonse atayamba avuula chinangwa cha amayi m'dziwe. Dziwe lija ndalifunafuna, ndapeza mpanda wa malo ogona alendo. Mu 1986 anasankhidwa kupita ku sekondale ya Bandawe, mu 1990 ku Chancellor College, komwe anasankha maphunziro a tizilombo tosaoneka ndi maso. Digiri ya udokotala wa kafukufuku anakaitenga kunja mu 2004. Anzawo ambiri anatsalira kunja monga ine. Iwo anabwerera.

Mu 1997 anakwatiwa ndi aphunzitsi a Ishmael Longwe, amene anatsogola mu 2015.

Ntchito yawo inali kolera. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ankatunga madzi m'zitsime ndi m'madooko, kuchokera ku Tukombo mpaka ku Usisya, nkukawayeza kulabotale. Ankagwira limodzi ndi akatswiri a ku Lusaka, Maputo ndi Dhaka, ndipo zolemba zawo, makumi anayi ndi ziwiri, ndinaziwerenga zonse ndili kutali. Pa zina mwa izo, pakati pa mayina a maprofesa, pali dzina la a Zakeyu Mphande, asodzi amene ankawapalasira bwato, ndi la a Emmie Manda, azaumoyo a m'dera lino. Malemu anakana kuti zisindikizidwe popanda mayina amenewo. Kunja anthu ankaimirira iwo akamalowa. Kuno kwawo, ndamva, tinkawatcha mayi wa mabotolo.

Chachikulu chimene anapeza n'chowawa, ndipo chikutikhudza lero. Mu 2009 anatsatira mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja kumene maliro amodzi anabala maliro asanu ndi awiri. Anayi mwa omwalirawo anali amayi osambitsa thupi. Atatu anasamba m'manja m'beseni limodzi. Sanaphedwe ndi mfiti. Anaphedwa ndi ulemu wawo. Kuchokera pamenepo malemu anaphunzitsa azaumoyo oposa mazana awiri kaikidwe ka munthu womwalira ndi kolera, ndipo ena a inu muli moyo chifukwa cha phunziro limenelo, ngakhale simudziwa.

Pa 6 Okutobala 2022 anapita ku Usisya kumene matendawa anavuta. Pa 9 anayamba kutsegula m'mimba. Anali kale ndi vuto la impso, nyanja inali yolusa, boti linachedwa tsiku lathunthu. Anatisiya Lachiwiri pa 11. Asanatseke maso anauza a Emmie kuti thupi lawo lisasambitsidwe, bokosi lisatsegulidwe, pamaliro pasaphikidwe.

Tsono asibweni, ndi inu azakhali, ndikudziwa zimene zakambidwa kuseri kwa nyumba m'mawa uno. Akuti mwana wathu sangapite ngati galu, osaonedwa nkhope. Akuti m'bokosimo mwina mulibe munthu. Hamala imene yabisidwa pansi pa mpando ndaiona. Mwambo ndikuudziwa, ndinakulira momwemo, ndipo kwa eni kuja ndinkaulira usiku ndi usana. Koma ndiloleni ndinene ichi. Inu munawaona mwezi wathawu. Ine nkhope ya mlongo wanga ndinaiona komaliza pa depoti ya basi ku Chintheche zaka makumi awiri ndi zinayi zapitazo, akundipatsira usipa wapaulendo. Anandiitana kangapo, ine nkumati chaka chamawa. Ngati alipo pano amene ali ndi njala ya nkhope imeneyi, ndine. Ndipo ine sinditsegula. Wofuna kuzula msomali ayambe wandiuza kuti Loweruka tidzaike ndani.

Malemu asiya ana awiri, Taonga ndi Chiyembekezo, mdzukulu mmodzi, ndi abale atatu.

Tikuthokoza mafumu, abusa ndi amayi a Umanyano amene aimba osadya kanthu. Tikuthokoza azaumoyo amene akonza thupi, anzawo a kulabotale, ndi a Zakeyu amene anawanyamula ulendo womaliza. Yewu, tawonga.

Pochoka kumanda, pa njira pali ndowa ya mpopi, madzi ake ndi a kolorini. Aliyense asambe payekha. Ndiyamba ndine, asibweni anditsatire.

Alongo anga, mzimu wanu uuse mu mtendere. Ulendo uno takumverani.