Utsi wa ku Gadzema Watilanda Mayi Aaliya

Malemu Mayi Aaliya Useni anabadwa pa 9 Malichi 1979 ku komboni ya mgodi ku Battlefields. Palibe angafotokoze mbiri yawo kuposa ine mlongo wawo, Azizi, amene ndinayamba ndi wilibala imodzi koma lero malole anga atatu amafika ku Beira, ku Durban ndi ku Dar es Salaam. Ndayenda, abale, ndaona zambiri, koma zimene ndapeza pakhomo pano zandiumitsa thupi.

Anaphunzira pulayimale ndi madrasa komweko, nalekezera Giredi 7 mu 1992. Mu 1998 anamanga nikaha ndi a Abdu, nakhazikika kuno ku Gadzema, kufupi ndi Chegutu.

Mu 2015 a Abdu anatenga mitala, nakwatira Mayi Munira. Ndalama ya ufa inagawika pawiri, kenako inasiyiratu kubwera. Malemu sanandiuze, ine woti ndikanawadzazira nyumba ndi matumba mpaka kudenga! Anayamba kuwotchera anyamata okumba golide miyala yawo ya mekyule, mankhwala aja ogwirira golide, m'khitchini yotseka, pa mbaula yomweyo yophikira sadza.

Mu 2022 manja awo anayamba kunjenjemera. Kapu inkawapulumuka, mano anagwedera, mawu a pemphero la swala ankawathawa pakati. Achipatala ku Kadoma anati ndi utsi wa mekyule uja, ndipo waononga impso. A Abdu anali ku Turf kuntchito. Amene ankawasambitsa ndi kuwamwetsa phala ndi mkazi mnzawo, Mayi Munira. Pofuna mankhwala, iwowa anakongola kwa wogula golide, pangano lake loti azimuwotchera mpaka ngongole ithe. Malemu anatisiya dzulo masana, pa 4 Juni 2024.

M'mawa uno Mayi Munira pondipatsa madzi, theka latayikira pansi. Ali ndi zaka 29 zokha, komanso ndi oyembekezera. Ndikuopa, abale. Ndikuopa kuti jeneza lonyamulira maliroli libweranso pakhomo pano chaka chisanathe. Amuna anzanga, musanapite kwa Shehe kukamanga nikaha yachiwiri, yambani mwafunsa kumene ndiwo za kunyumba yoyamba zikuchokera.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, Taufiq, Nuru ndi Nyaradzo, ndi mdzukulu mmodzi. Tikuthokoza amayi a ku mzikiti amene asambitsa thupi, anyamata okumba manda, makamaka Mayi Munira. Allah awakhululukire malemu, manda awo akhale otakasuka, agone mwabata.

Shehe afunsa ngati malemu asiya ngongole. Inalipo, ya mankhwala ija, koma sapita nayo kumanda. Mayi Munira, simudzawotchanso. Wogula golide uja ndamulondola ndekha, ndipo pamaso pa mboni ziwiri ndamuwerengera m'manja madola 185 a ku Amerika.