Maeriyo Atatu a Bambo Darlington Alufandika

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1961 ku Balaka, achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Sukulu ya pulayimale anaphunzira komweko, ya sekondale ku Zomba, ndipo analekezera Fomu 2 bambo awo atamwalira. Mu 1986 anayamba kuyendetsa malole pakati pa Blantyre, Harare ndi Joni. M'malolemo ndi momwe anadziwira wailesi ya CB, ija ya ovaova imene madalaivala amalankhulirana ali pamsewu.

Mu 1989 anamanga banja ndi Mayi Chrissie, namwino, ku Limbe. Mayi anabwera kuno ku Leicester mu 2003, ndipo malemu anatsatira ndi ana mu 2005. Anakhazikika ku Braunstone, malemu n'kupeza ntchito yoyendetsa fokolifiti, kagalimoto konyamulira zinthu zolemera, m'nyumba yosungiramo katundu. Munthu wozolowera kudutsa mayiko anapezeka akuzungulira m'chinyumba chimodzi tsiku lonse. Sanadandaule, koma anayamba kuchepa mawu.

Mu 2012 anagula wailesi ya CB pamsika wa zinthu zakale. Anamalira anzanga, gawo ili mundikhululukire, chifukwa ngakhale ife a banja sitikulimvetsa bwino. Eriyo yoyamba ya wailesiyo inali yaifupi, ya maginito, yoika padenga la galimoto. Iwo anati imafuna chitsulo pansi pake, n'kuimata pa thileyi ya mayi yophikira makeke, n'kuika pawindo. Thileyiyo sinabwererenso kukhitchini. Yachiwiri inali waya amene anamangirira pamwamba pa siling'i. Anamudula, n'kumulumikiza, n'kumudulanso, akuti kutalika kwake kuyenera kugwirizana ndi mafunde. Mafunde ake ati, sitinawaonepo.

Yachitatu inafika mu 2016, chimlongoti chotalika kuposa nyumba, choimika kuseri. Chinkagwira mawu a kutali, ena olankhula zinenero zoti malemu sankazimva, koma ankawayankhabe. Sabata yoyamba mawu a malemu anatulukira m'masipika a aneba athu, Bambo Munaf, banja lili pa chakudya. A Munaf anabwera kudzadandaula, anathera kugwirira makwerero, ndipo ubwenzi wawo unayambira pomwepo.

Aliyense amene anachezapo kunyumba kuja akudziwa mayeso awo. Ankakukhazikani pampando n'kunena kuti, "Tamverani iyi. Tsopano iyi. Yabwino ndi iti?" Ife tinkangomva mkokomo ngati mvula pamalata. Mukanena kuti yachiwiri pofuna kuti akumasuleni, ankaseka n'kuti, "Mwanama, sindinasinthe chilichonse." Eni akewo nawo maganizo sankakhazikika. Lero ati waya wa kudenga alibe phokoso, mawa ati mlongoti ndiye umafika patali, mkuja ati kamaginito kaja anthu amangokapeputsa. Mayi anafunsapo kangapo kuti amalankhula ndi yani, yankho n'kukhala lakuti, "Anthu."

Mu 2023 mtima unayamba kuwavuta ndipo anasiya ntchito. Masitepe atayamba kuwalemera, banja linagwirizana zoti asamukire ku Nottingham, kwa mwana wawo woyamba Thoko, kumene malo ndi ochepa. Asanasamuke, anagonekedwa m'chipatala mu Disembala 2024. Kumeneko anauza Thoko kuti, "Posamuka mutenge eriyo yabwino ija, enawo mupatse anthu." Thoko anafunsa kuti, "Iti, adadi?" Iwo anati, "Amayi ako akuidziwa." Mayi akuti sakuidziwa. Malemu anatisiya pa 14 Januwale 2025.

M'mawa mwake mayi analowa m'chipinda cha wailesi n'kuiyatsa, akuti nyumba inachita zii kwambiri. Posakhalitsa anamva mzungu wachikulire akuitana kuti "Balaka, Balaka," molakwitsa katchulidwe. Ndilo linali dzina la malemu pawailesipo, ife osadziwa. Mayi anali asanagwirepo cholankhuliracho, koma anadina batani n'kunena kuti Balaka wamwalira. Kenako anthu anayamba kuyankha mmodzimmodzi, wina ku Coalville, wina ku Hinckley, wina ku Loughborough, wina ali m'lole pamsewu. Ena analira. Mayi akuti mawuwo ankamveka ngati anthuwo akhala nawo m'chipindamo. Ndi abambo ndi amayi aja akhala kumbuyoko. Ambiri a iwo nkhope ya malemu aiona lero pa chithunzi.

Tinaganiza kuti yankho lapezeka: eriyo imene inali yolumikizidwa tsikulo ndiyo yabwinoyo. Koma masana omwewo achibale, potulutsa katundu kuti anamalira apeze pokhala, anazula mawaya onse. Atatu onsewo ndi akuda, ofanana. Tafunsa anzawo a pawailesiwa, nawonso agawikana patatu, ndipo aliyense akulumbira kuti Balaka anamuuza yekha. Mayi anena kuti atenga onse atatu. Kumene tikaimike chimlongoticho ku Nottingham, sitikudziwa.

Malemu asiya mayi a kunyumba, Mayi Chrissie Alufandika, ana atatu, Thoko, Mapopa ndi Atuweni, zidzukulu zinayi, ndi mchemwali wawo Mayi Rhoda ku Balaka, amene akutitsatira pa foni. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, ena mwa iwo anzawo a mayi pantchito. Tikuthokoza abusa ndi mpingo, amayi amene akhala akuphika chigwereni zovutazi, a Munaf ndi banja lawo, komanso abale atsopanowa, amene sitikudziwa ngakhale mayina awo enieni koma abwera kudzanyamula nafe bokosi.

Bambo Alufandika, msewu wanu unali wautali, ndipo mwafika. Mulungu akulandireni, mzimu wanu uuse mumtendere.